Tsiku Limene Ndinabereka Kompyuta Kumbuyo

Mukadzafika kwathu ku Makanjira n'kumva ana akuimba kuti "anganga a chikompyuta, anganga a chikompyuta," musavutike kufunsa, akunena ine. Dzina limeneli ndinakalitenga ndekha ku boma, ndi miyendo yanga, ndi msana wanga, popanda wondituma. Khalani pansi ndikuuzeni, museke mokwana. Nanenso ndinaseka kale, ngakhale kuti kuseka kwake kunali kothira mchere.

Ndili ndi mdzukulu wanga Asiyatu. Ndinamulera ndine, ndinamumeta ndine, dzino lake loyamba ndinaliponya padenga ndine. Mayi ake anapita ku Joni iye akukwawa. Amalume ake ali ku Joni. Mwana wanga wotsiriza kubadwa anati akupita ku Lichinga kukagula zitenje, mpaka lero akugulabe. Onse anachoka mofanana: kachikwama paphewa, "amama tibwera msanga," kenako fumbi la lole. Pakhomo tinatsala ine, Asiyatu ndi nkhuku zosamva. Kwathu kuno mwana wamkazi ndiye mudzi, mwamuna amachita kubwera kudzamanga kwa mkazi wake. Ndiye ndikamuona Asiyatu akusesa pabwalo ndimati mudzi wanga ndi uwo, ukusesa. Mantha anga anali amodzi okha, oti tsiku lina nayenso adzakoleka chikwama.

Mwanayu ali ndi dzanja. Anaphunzira ku boma ntchito yojambula pa kompyuta: makhadi a ukwati, zikwangwani za masitolo, mayina a maboti, zolemba pa malaya a anyamata a mpira. Ine wa sukulu ya kwacha zilembo ndimazilonjera chimodzichimodzi, koma maluwa amene iye amaika m'mphepete mwa khadi ndimachita kuwamva kununkhira. Chimene analibe ndi makina akeake. Ankabwereka kwa anzake, ankapanikiza pa foni mpaka maso kufiira. Atasonkhanitsa kangachepe kake anakasiya kwa Che Saidi, bambo wokonza ndi kugulitsa makompyuta ku boma, n'kuwauza kuti adzatumiza mawu akasankha.

Makompyutawo analipo awiri, ndipo ankadya nafe limodzi pakhomo kwa nthawi yaitali. Tikusankha mpunga, nkhani ndi kompyuta. Tikuchapa kunyanja, nkhani ndi kompyuta. Tsiku lina kunyanjako Asiyatu anandifotokozera za onse awiri.

"Yaikuluyo ndi yakale, anganga. Inachokera mu ofesi ya anthu ojambula mapulani a nyumba. Koma ndi ng'ombe. Chithunzi chachikulu ngati khoma imachinyamula osapumira. Ikadwala, Che Saidi amangotsegula n'kusintha chodwalacho. Galasi lake ndi lalikulu, mitundu umaiona mmene idzatulukire papepala."

"Tenga imeneyo, amama," ndinamuuza.

"Koma imadya moto ngati chigayo, ndipo ukaikhazika wakhazika. Inayo ndi yatsopano, laputopu, yopyapyala ngati mbale yodyera. Pa zithunzi zolemera imapuma wefuwefu, ikafa kuno ilibe sing'anga. Komabe ili ndi batire yakeyake. Umangoipinda, kuika m'chikwama, n'kupita nayo kulikonse."

Kulikonse. Mawu amenewo anandilasa ngati munga wa kampango. Mwanayo anapitiriza kulankhula, milomo inkayenda ndithu, zala zikuwerenga zifukwa, koma makutu anga anali atatseka sitolo. Ndinkangoona chikwama paphewa.

Kenako panagwa ntchito yaikulu. Mwana wamkazi wa shehe wa mzikiti wathu ankakwatiwa, ndipo makhadi ndi chinsalu chopachika pakhomo anati apange Asiyatu. Sabata yomweyo malungo anamugwetsa. Zinangochitika kuti linali tsiku langa lopita kuchipatala ku boma kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi.

Anandiitana ali pamkeka, akunjenjemera. "Anganga, ndasankha. Mukauze Che Saidi akupatseni yaing'ono ija. Siikulemerani, mungoika m'dengu."

"Ndamva, amama."

Ndinamvadi. (Ichi ndikuchinena poyera, kuti wina asadzanamizire makutu anga. Makutu analibe mlandu.)

Che Saidi anandilandira bwino, anandipatsa mpando, n'kuika makina onse awiri patebulo kuti ndione zimene mdzukulu wanga ankadwala nazo mutu. Tsono ine sindigula chinthu ndisanachigogode. Mtsuko ndimagogoda, dzungu ndimagogoda, ngakhale malemu amuna anga ndinayamba ndawagogoda pachifuwa ndisanavomere. Ndinagogoda kakang'onoko, kanangoti phaphapha ngati chivundikiro cha ndowa. Ndinakanyamula ndi dzanja limodzi, ndinati aka mwera ukhoza kukaulutsa mpaka ku Salima. Ndinagogoda chachikulucho, chinayankha kuti gu, gu, ngati mtsuko wopsa bwino. Kuyesa kuchinyamula, msana unandipatsa salamu. Mtima wanga unayamba kuvina. Ndinati ichi ndiye chinthu, ichi sichikwera basi, ichi sichilowa m'chikwama, mwini wake adzakalamba nacho pakhonde panga.

"Ndipatseni ichi."

"Amama, mtsikana uja mtima wake unkaoneka kuti uli pa yaing'onoyi."

"Wasintha maganizo." (Mulungu andikhululukire, maganizo anasinthadi, koma m'mutu wina.)

Bamboyo anayesa kumuimbira foni. Kwathu netiweki imakhala pachulu cha kuseri kwa mzikiti, ndipo wodwala malungo sakwera chulu. Foni inangolira yokha n'kutopa.

"Nanga magetsi kwanu ndi amphamvu? Iyitu siidya pang'ono."

Apa ndiye anandiponda chala. "Che Saidi, mwandinyoza. Mwana wanga anatumiza sola kuchokera ku Joni. Babu ikayaka pakhomo panga umatola singano pansi. Mudzi wonse umatchaja mafoni kwa ine."

"Sola yakeyo ndi yaikulu bwanji?"

Ndinatambasula manja mpaka pamene anathera. (Kunena zoona ndi yaikulu ngati lichero, koma manja akayamba kutambasuka ndani angawabweze?) Che Saidi anakanda ndevu, anayang'ana manja angawo, n'kunena kuti ngati ili choncho, chabwino. Anandionetsa pobaya chingwe ndi podina, ine ndikugwedeza mutu ngati ndinabadwira momwemo.

Sindinadziwe kuti chinthucho chili ndi banja. Panali chibokosi chachitsulo, chigalasi, thabwa la zilembo, kambewa kake, ndi zingwe zokwana kumangira mbuzi za mudzi wonse. Galasi ndi tinato anaika m'katoni, wa kabaza n'kumangirira panjinga. Chibokosicho wa kabaza wachiwiri anati achimange ndi mphira, koma nditaona mmene njinga yake inkatsimphinira ndinakana.

"Ndipatseni kuno. Ndinabereka ana ine."

Ndinawerama, amuna awiri anachikweza pamsana, ndinakokera chitenje chimodzi pansi, china pamwamba, mfundo pachifuwa. Ndinadzuka. Dziko linapendekeka pang'ono n'kubwerera. Ndinayenda pakati pa boma la Mangochi, wa kabaza patsogolo, ine pambuyo, nkhalamba yobereka chitsulo, ndikumwetulira aliyense.

Mayi wina wogulitsa nthochi anandiitana. "Amayi, mwanayo mwamufunditsa ndi mutu womwe dzuwa lonseli?"

"Ndi wa makona uyu, mayi. Dzuwa samalimva."

Anabwera kudzasuzumira, anaona tizibowo ndi zingwe, anabwerera pa nthochi zake osatembenuka.

Pokwerera malole a ku Makanjira kondakitala anafuna kuti katundu wanga apite pansi pa matumba a simenti. Ndinamuuza kuti ayambe walowa iyeyo pansipo, aone ngati kuli kokoma. Anandisiya. Ndinakhala pathumba la shuga, chibokosi pamiyendo, katoni pakati pa mapazi. Msewu wathu mumaudziwa, umakusefa ngati ufa. Lole ikagwa m'dzenje, chibokosi chinkandimenya chibwano, ine n'kuchikumbatira. Miyendo inafa tisanafike n'komwe ku Lungwena. Koma mtima unali pa chikondwerero, ndipo ndinachiimbira nyimbo njira yonse:

Usalire chitsulo changa, usalire,
kwathu kuli khonde, ukakhale,
ukakhale, ukamukhazike.

Azimayi a m'lolemo anayamba kuvomera, osadziwa kuti akuvomera chiyani. Titayandikira kwathu m'pamene ndinakumbukira kuti kuchipatala sindinapondeko. Mankhwala anga anatsala ku boma, magazi akuthamanga okha.

Ndinalowa m'mudzi ndi nthungululu, chibokosi kumbuyo, katoni pamutu pa mayi wina wachifundo. Anthu anathamanga, ankayesa wina wabwera kuchokera ku Joni. Asiyatu anatuluka atafunda bulangete, atagwira chitseko. Anayang'ana chibokosi, anayang'ana ine, anayang'ananso chibokosi.

"Anganga, yaing'ono ija ili m'kati mwa iyi?"

"Iyi ndi yolimba, amama. Yako ija inali ya mphepo."

Sanakweze mawu. Mwanayu sakweza mawu, ndipo n'chimene chimapweteka. Anangoti, "Sola yathu siingathe imeneyi. Musaibaye, ndiganize kaye," n'kubwerera kukagona.

Musaibaye. Pabwalo pali anthu, ana akwerana pamapewa, Abiti Mussa wa nyumba yoyandikana nafe wakhala kale pamtondo kudikira kanema. Ndikanawauza chiyani, kuti ndabereka chitsulo chogona? Ndinapita pa kabokosi kamene timatchajira mafoni, ndinabaya chingwe mmene Che Saidi anandionetsera, ndinati bisimila, ndinadina.

Chibokosi chinati vuu. Kabokosi ka sola kanalira ngati mwanapiye wopondedwa, kanatulutsa kautsi kakuda, kenako zii. Babu zii. Mafoni a anthu onse amene anali pa chingwe zii. M'nyumba munangotsala fungo la mphira wopserera.

Abiti Mussa anadzuka, anazula foni yawo, anaipukuta pachitenje. "Mlendo wanuyu, anzathu, wadya ndiwo za mudzi wonse asanasambe n'komwe m'manja."

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinali ndisanayambe.

Malungo atayamba kumusiya, Asiyatu anakapempha kwa Che Jafali, amene ali ndi nyumba yoonetsera kanema pamsika, kuti azigwiritsa ntchito jenereta yawo m'mawa anthu asanabwere. Tinakweza banja lonse la chitsulo pa wilibala. Atabaya kumeneko, chigalasi chija chinatsegula maso. Abale, ndisaname, chinthucho chimadziwa ntchito. Mwana wanga anakoka duwa, duwa linabwera. Anakoka dzina la mkwatibwi, linapindika ngati uta wa Leza. Analikuza mpaka kudzaza galasi lonse, makina osadandaula. Nkhope yake yowonda ndi malungo inayamba kuwala. Ine pakhomo ndinkauza aliyense wodutsa kuti anasankha ndine.

Dzuwa litakwera anati apite kunyumba akamwe mankhwala ndi kuswali, poti nthawi ya mapemphero inali itakwana. "Anganga, muziyang'anira. Ana asakhudze."

Ana sanakhudze. Ndinawathamangitsa onse, ndinakhala pafupi ngati mlonda. Kenako ndinamva mpweya wotentha ukundiomba pamwendo. Ndinaika dzanja kumbuyo kwa chibokosi, kukutentha. Ndinaika khutu, m'kati mukulira mosalekeza ngati chifuwa cha mwana wa chibayo. Fumbi la pamsika nalo likulowa m'tizibowo tija. Ndinati ayi, nyumba imodzi odwala awiri, sizitheka. Thupi likatentha umalifunditsa kuti thukuta lituluke, zimenezi sindinachite kuphunzira kusukulu. Asiyatu anali atasiya bulangete lake pampando. Ndinachifunditsa bwinobwino, m'mbali ndinapindira, kumbuyo ndinatseka kuti mphepo isalowe, ndinachisisita pamwamba.

Chinayamba kubuula kwambiri. Ndinati eya, thukuta likubwera. Chinabuula, chinabuula, chinakhala chete. Galasi linachita bii. Maluwa, dzina la mkwatibwi, ntchito ya m'mawa wonse, zonse zinalowa mumdima.

Ndinavundukula msangamsanga, ndinang'amba chivundikiro cha katoni n'kuyamba kuchikupiza. Asiyatu anandipeza ndikukupiza ndi manja awiri, ndikuchipepesa m'Chiyao.

"Anganga, mwaichita chiyani?"

"Inali ndi malungo, amama."

Anayang'ana bulangete. Anakhala pansi penipeni, pafumbi, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, anaseka atagwira nthiti, ndipo pena pake kusekako kunakhota n'kukhala chinthu china. Anabisa nkhope m'mawondo. Ine ndinapitiriza kukupiza chifukwa sindinadziwe kumene ndingaike manja.

Chitsulocho chitazizira chinadzukanso, koma maluwa sanabwerere. Che Jafali nawo ananena mwaulemu kuti mafuta sangakwanitse tsiku ndi tsiku, ndiponso moto wa jenereta yawo umakwera ndi kutsika, tsiku lina udzapha makinawo. Asiyatu anakwera chulu kukaimbira Che Saidi kuti asinthe. Yaing'ono ija inali itagulidwa kale ndi namwino wina. Bamboyo anamva chisoni, anati mtsikanayo abwere ndi makinawo ku boma, amupatsa kangodya m'sitolo mwawo momwe muli magetsi enieni, ndipo azigona kwa msuweni wathu amene amakhala kumeneko. Ukwati wa mwana wa shehe sukanadikira. Panalibe njira ina.

Mwamva? Chitsulo chimene ndinabereka kuti chimukhazike ndicho chinamunyamula.

M'mawa woti mawa lake anyamuka, ndinamukhazika pakati pa miyendo yanga kuti ndimuluke tsitsi. Kuluka n'kwabwino, simuonana m'maso.

"Anganga, munamva bwinobwino kuti ndinati yaing'ono."

"Ndinamva."

"Nanga?"

Ndinapatula tsitsi, ndinapatulanso pomwe ndinapatula kale. "Unati umaika m'chikwama n'kupita nayo kulikonse. Amako anapita kulikonse. Amalume ako anapita kulikonse. Ndinati ndikugulire yosanyamulika."

Nkhuku inadutsa, inatiyang'ana, inapita.

"Mukudziwa chifukwa chimene ndinasankhira yaing'onoyo? Pa ntchito yanga yaikuluyi ndiyo yabwino, zimenezo ndinkadziwa. Koma yaing'onoyo imadya moto pang'ono, ikanakwana pa sola yathu. Ndinkafuna ndizigwira ntchito pakhonde pano, inu mukusankha mpunga apo. Ku boma ndizingopita kukasindikiza n'kubwerera. Ndinakuuzani tsiku lija kunyanja."

Tsiku lija makutu anatseka sitolo. Manja anga anaima m'tsitsi lake.

"Mukanangonena, anganga. Mukanangoti usapite."

"Zimenezo sizinenedwa, amama. Ukanena, mwana amakhala chifukwa cha chisoni, ndipo nkhuku yomangidwa mwendo siinenepa."

"Ndiye munati mumange ndi chitsulo."

"Chitsulo sichioneka ngati chingwe."

Anatsamira mutu pabondo panga, anaseka pang'ono, bondo langa linanyowa. Mzere wa tsitsi umene ndinaluka pamenepo unakhota ngati msewu wathu, ndipo anakana kuti ndimasule. Anapita nawo ku boma wokhota chomwecho.

Makhadi a mwana wa shehe anatuluka nthawi yake, chinsalu chinapachikidwa pakhomo, anthu anajambulitsa pansi pake. Chitsulo chija ku boma chikudya moto mokhuta ndipo chikulima ngati ng'ombe. Eni maboti akubwera, eni masitolo akubwera, mwana wanga dzina lake likumveka. Anagula kabokosi kena ka sola, babu yanga ikuyakanso, Abiti Mussa anabweza foni yawo pa chingwe ngati sipanachitike kanthu. Pabwalo ndimasesa ndekha. Ndikamasesa ndimaimba, chifukwa kusesa mwakachetechete kumatalikitsa bwalo.

Amabwera mwezi ukatha, Lachisanu madzulo, ndi buledi ndi mankhwala anga. Amati azibwerera Lamlungu m'mawa ndi lole yoyamba.

Mwina mukuti ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira kuti kompyuta siifunda bulangete, pamenepo ndiye ndinakhoza. Zinazo zikundivutabe. Mawu aja oti usapite amafika pakhosi n'kubwerera. Ndiye Lamlungu lililonse lotere, m'mawa, nsapato yake imodzi imasowa. Imakhala m'nkhokwe ya mpunga, pansi pa thumba lakumanzere, ndipo iye amadziwa. Koma amayamba kufuna kuseri kwa bafa, amasuzumira m'khola la nkhuku, amakafunsa kwa Abiti Mussa, ine ndikumuthandiza kufuna ndi nkhope yachisoni, mpaka timve lole yoyamba ikulira kumsika n'kuzimirira.

Akatero amapita kunkhokwe, amatulutsa nsapato yake, amaikutumula mankhusu.

"Anganga, yandisiya. Ndikwera ya masana. Tenthetsani madzi a tiyi."